Kabotolo kopanda dzina

Foni inalira ndili pa siteji ya Luwanda ku Machinjiri, ndikudikira minibasi yoti indifikitse kusukulu kumene ndimaphunzitsa. Anali mng'ono wanga. Moni sanapereke. Anangoti, "Achemwali, tabwerani mudzaone nkhope yanga," mawu n'kuthera m'kulira. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa la 7 koloko likuwotcha kale ngati masana, ndipo kunali kutatsala masabata atatu kuti tivine chinkhoswe chake.

Kwa amayi ku Ndirande, cha ku Makata, ndinafika 9 koloko itadutsa. Ndinawapeza ali khale pakhonde atagwira tsaya, ndipo anangondilozera kuchipinda ndi mutu. Mng'ono wanga anali pamphasa, makatani atatseka, atadzifunditsa chitenje kumutu. Atachivundukula ndinagwira chitseko kuti ndisagwe. Masaya onse awiri anali psuu ngati nyama yongosenda kumene. M'mbali mwa mphuno khungu linkalendewera ngati khoko la mbatata yophika, pachipumi panali matuza ophulika akutuluka timadzi, ndipo kuzungulira pakamwa panali patauma nkhanambo yakuda moti ankalephera kuyasamula bwino.

Kabotoloko kanali pawindo. Kanali kapulasitiki, kotalika ngati chala changa chapakati, m'kati muli timafuta tachikasu totsalira pansi. Kunja kwake kunalibe chilembo ngakhale chimodzi. Anakagula kwa mayi wina amene ankaika zithunzi pa WhatsApp, nkhope ziwiri zogundizana, ina yamawanga ina yosalala, ndipo anakumana ku Limbe n'kupatsana ndalama zokwana kugula thumba la makala. Malangizo anabwera pa voice note, yomwe ndinaimvetsera katatu konse. Mawu ake anali okoma, a munthu wodziwa kulankhula ndi kasitomala: awa ndi peeling oil asisi, muzidzola katatu patsiku kwa masiku atatu, kumaso musasambeko, akayamba kuwotcha musaope ndiye kuti akugwira ntchito, mufundula ngati njoka mutuluka watsopano. Iye anapirira kuwotchako usiku uwiri, akuluma pilo kuti amayi asamve.

Ine ndimaphunzitsa biology. Chaka chilichonse ndimajambula khungu pabolodi, ndi choko choyera pamwamba ndi chofiira pansi, n'kuwauza ana kuti gawo lapamwamba ndi lopyapyala ngati pepala, ndipo maselo ake amabadwira pansi, n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka kufa ndi kuyoyoka pakatha pafupifupi mwezi. Zimenezi ndimazinena ndisanaganize n'komwe. Koma tsiku limenelo, titakhala pabenchi ku Gulupu, chipatala cha Queen Elizabeth ku Ginnery Corner, ndinaona kuti zomwe ndimadziwazo sizinadutsepo pakhomo la kwathu.

Dokotala anafunsa chomwe chinali m'kabotolomo. Tonse tinangoyang'anana. Anakatembenuza, anakanunkhiza, n'kukaika pambali. Sanamukalipire, ndipo mpaka lero ndimamuthokoza chifukwa cha zimenezo. Anati bala limeneli alisamala ngati la moto, pakuti kunali kupsa ndithu, ngakhale kuti kunalibe malawi. Kenako anamuchenjeza zinthu ziwiri. Choyamba, mabala akapola pabwera mawanga akuda kuposa omwe ankafuna kuchotsa. Chachiwiri, anthu amubweretsera mankhwala ena oti achotsere mawangawo, ndipo asadzole chilichonse chomwe sichinachokere m'chipinda chimenecho.

Chomwe chimandipweteka n'chakuti nzeru yomwe ili kumbuyo kwa kabotolo kaja si yabodza. Madokotala a khungu amachitadi zimenezi, ndipo amazitcha chemical peel. Amapaka asidi pankhope kuti maselo akale apamwamba afe msanga ndi kuyoyoka, khungu lapansi likakamizike kupanga atsopano. Ena mwa maasidiwa timakhala nawo m'nyumba osadziwa. Glycolic acid amapezeka mu nzimbe, zomwezi za ku Nchalo ndi ku Dwangwa, lactic acid ndi amene amawawasa chambiko, ndipo salicylic acid ndi pachibale ndi aspirin. Amenewa amangokhudza pamwamba, ndipo amathandiza ziphuphu ndi mawanga osazama. Pali wina wamphamvu wotchedwa TCA amene amalowa mpaka gawo lachiwiri la khungu. Wozama kwambiri ndi phenol, amene amasalaza makwinya a ukalamba, koma amalowa m'magazi n'kutha kusokoneza kagundidwe ka mtima, moti popaka amakhala atamulumikiza munthu ku makina oyang'anira mtimawo.

Dokotala wa ku Hamburg, Paul Gerson Unna, anali atafotokoza kale za mankhwala osupula khungu otere mu 1882, ndipo njira ya phenol inatchuka m'zaka za m'ma 1960 kudzera mwa madokotala awiri a ku Miami, Thomas Baker ndi Howard Gordon. Nkhope zomwe njirazi zinakulirapo zinali za azungu. Ngakhale sikelo yogawa mitundu ya khungu yomwe Thomas Fitzpatrick wa ku Harvard anakonza mu 1975 inayamba ndi khungu loyera lokha, magulu a 5 ndi 6, momwe muli ifeyo, anachita kuwonjezeredwa pambuyo pake.

Khungu lathu lili ndi khalidwe lake. Likapwetekedwa, maselo opanga utoto wotchedwa melanin amadzuka n'kuthira utoto wochuluka pamalo opwetekawo. Aliyense wa ife ali ndi umboni pathupi pake: pomwe udzudzu unaluma iwe n'kukanda, pomwe mbaula inakupsereza uli mwana, pomwe unafinya chiphuphu. Bala limapola, koma dontho lakuda limatsala miyezi. Mawanga omwe mng'ono wanga ankadana nawo anabwera choncho, kuchokera ku ziphuphu zomwe zinamuyamba ali Fomu 2. Pofuna kuchotsa timadontho ta tizilonda tating'ono, anadzipatsa chilonda cha nkhope yonse. Utoto ukakhala pamwamba umazimirira pakatha miyezi 6 mpaka 12, koma asidi akaboola n'kuugwetsera m'gawo lapansi, umatha kukhala zaka.

N'chifukwa chake dokotala wodziwa khungu lakuda amayenda mwakachetechete ngati wolowa m'nyumba ya maliro. Amayamba ndi asidi wofooka. Amadziwa mphamvu yake pa peresenti. Amayang'ana wotchi, chifukwa ntchitoyi ndi ya mphindi zowerengeka, ndipo nthawi ikakwana glycolic acid amamuzimitsa ndi madzi osungunuliramo mtundu womwewo wa soda amene timathira mu therere. Amadikira masabata asanapakenso, ndipo amaletsa dzuwa. Njira zozamazo pa khungu ngati lathu nthawi zambiri amazipewa. Mng'ono wanga anagona ndi asidi wosadziwika dzina kapena mphamvu kwa masiku awiri ndi theka, n'kumapita naye kumsika dzuwa la Okutobala lili pamutu. Vutoli si la kuno kokha. Mu Julayi 2024 bungwe la FDA ku America linachenjeza anthu ake kuti asamagule pa intaneti mankhwala amphamvu osupula khungu n'kumadzipaka okha, chifukwa nawonso ankapsa.

Zomwe dokotala ananena zinachitika ndendende. Mabala atayamba kuuma, anthu anayamba kufika. Wina anabwera ndi katchubu, wina ndi kabotolo ka mafuta osakaniza omwe amagula kwa mnzake ku Zingwangwa, ndipo onse ankalumbira kuti sabata imodzi yokha mawanga atha. Sankafuna kumupweteka. Ena mwa iwo ndi amayi omwe anatilera pamzere wa nyumba zathu, ndipo ndinkaona pamasaya pawo timitsempha tofiira toonekera ngati ulusi pansi pa khungu lopyapyala.

Timatchubu timeneti mukayenda mumsika wa Ndirande kapena wa Limbe mumatipeza pabenchi, pakati pa zipeso, mameshi ndi polishi wa zikhadabo, dzuwa likutiwomba. Tambiri mwa ito ndi mankhwala enieni a kuchipatala, okhala ndi clobetasol kapena betamethasone, omwe anapangidwa kuti azizimitsa kutupa ndi kuyabwa kwa matenda a pakhungu kwa masiku owerengeka. Kuyeretsa ndi zotsatira chabe zomwe dokotala amayesetsa kupewa. Ukadzola miyezi, khungu limapyapyala, pamabwera mikwingwirima yosatha, zipere zimafalikira, chilonda sichipola msanga, ndipo ukasiya nkhope imatupa ndi kuyabwa mpaka umabwereranso kukagula. Mafuta ena muli hydroquinone. Mu 1975 dokotala wa ku Pretoria, G. H. Findlay, ndi anzake analemba za amayi akuda ambiri omwe atadzola mankhwalawa zaka zingapo, masaya awo anada bii mobiriwira, kuda kosachokanso. Madokotala ndi omenyera ufulu analimbana nazo mpaka South Africa inaletsa hydroquinone mu zodzoladzola mu 1990. Dziko la Rwanda linatumiza apolisi ndi oyendera malonda kukachotsa mafuta otere m'masitolo kumapeto kwa 2018. Kuno kwathu mankhwala amayang'aniridwa ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo za pabenchi angathe kuzilanda. Koma kabotolo kopanda dzina, koyenda m'kachikwama ka m'manja kuchokera pa foni ya uyu kupita pa foni ya uyo, ndani angakagwire?

Ndinakhala mlonda wa pakhomo masabata amenewo. Ndinkagona ku Ndirande, m'mawa n'kumutsuka mabala ndi kumupaka zomwe anatipatsa kuchipatala, ndipo aliyense wobwera ndi katchubu ndinkamuthokoza n'kumubwezera. Ndinamvanso zomwe zinkanenedwa pampopi, zoti walira mvula walira matope, zoti ankafuna kukhala mzungu. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa sizinali choncho. Usiku wina magetsi atazima ndinamufunsa chomwe ankafuna kwenikweni. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Ndimafuna pazithunzi ndidzaoneke bwino. Mawanga achoke. Komanso ndiwaleko pang'ono, achemwali, pang'ono pokha, kuti akuchimuna asadzanenenso zija."

Zija ndinkazidziwa, ndipo ndinalipo. Tsiku lomwe achibale a mwamunayo anabwera kudzaonekera, mayi wina wachikulire wa kumeneko anamuyang'ana mng'ono wanga akupereka madzi osamba m'manja, n'kunena mokondwa ndithu kuti, "Ndi wakuda koma ndi wokongola." Tonse tinaseka ndi kuwomba m'manja. Inenso ndinawomba. Ndinamva mawu akuti wokongola, iye anamva koma.

Koma ameneyu wakhala akumutsata kuyambira ali wakhanda. Ine ndinatengera bambo, omwe anali oyererako, iye anatengera amayi. Alendo akabwera ankandigwira tsaya n'kunena kuti uyu ndiye watenga khungu labwino, iye ataima pomwepo. Ku pulayimale anzake ankamutcha Makala. Ndipo ineyo, mkulu wake, tikayambana pa nkhani ya kutsuka mbale, ndinkadziwa pomwe pamapweteka. Ndinkamuuza kuti usiku amangooneka mano. Ndinali ndi zaka 12, iye 7. Nditamukumbutsa usiku wa mdima uja kuti ndipepese, sanadabwe. Ankakumbukira ndi diresi lomwe anavala tsikulo.

Ndakhala ndikuganizira mawu awiri a chilankhulo chathu, kuyera ndi kuda. Mbale ikatsukidwa timati yayera. Kutchalitchi timaitana Mzimu Woyera. Kukacha timati kunja kwayera, ndipo munthu wopanda chinyengo ndi woyera mtima. Mawu omwewo ndi amene timanenera mtsikana wa khungu lofiirira. Kumbali inayi, malaya akalowa litsiro timati ada, usiku ukagwa kunja kwada, wovutika mumtima akuda nkhawa, ndipo amene sakukufuna amakuda. Mwana wa zaka 7 sangathe kulekanitsa zonsezi. Akamva kuti iye ndi wakuda, mchemwali wake ndi woyera, amamva zonse pamodzi. Sindikunena kuti chilankhulo chathu ndi cholakwa, ndimachikonda ndipo ndi chomwe ndimalotera. Atsamunda ndi otsatsa malonda ndi amene anaika mtengo pa khungu, koma anapeza mawu ali kale m'kamwa mwathu, ndipo ife tinawalola kuwagwiritsa ntchito pa ana athu.

Amayi ankamvetsera kuseri kwa katani. Analowa ndi kandulo, anakhala pansi, n'kutiuza zomwe sanatiuzepo. Pa utsikana wawo dzina lomwe linali m'kamwa mwa aliyense linali Ambi, ndipo iwonso ankasunga timakobidi kuti agule mafuta oyeretsa nthawi yomwe bambo ankawafunsira, poopa kuti apongozi akawakana. Anasiya atatenga pakati pa ine. "Ndimayesa zinathera pa ife," anatero, akusisita phazi la mng'ono wanga.

Ndimakwiya ndikamva amuna mu minibasi akuseka mayi wodutsa kuti nkhope ya Fanta miyendo ya Coca-Cola. Amuna omwewo, akaona mtsikana woyera pa siteji, ndi amene amayamba kuimba mluzu ndi kumutsegulira mpando wakutsogolo. Amene amasankha ojambulidwa m'mavidiyo a nyimbo amadziwa nkhope yomwe amaika patsogolo. Ana anga a Fomu 3 akamajambulana pafoni amasankha fyuluta yowayeretsa asanatumize chithunzi, ndipo anyamata amachitanso chimodzimodzi. Mtsikana amaona zonsezi, amawerengera, n'kupeza kuti kuyera kumalipira. Akapsa timamunena kuti ndi wopusa, chonsecho masamu ake anawatenga kwa ife.

Ulendo wachiwiri ku Gulupu tinakhala benchi imodzi ndi mayi wina wa ku Bangwe yemwe anabwera ndi mwana wake wachialubino, kamnyamata kovala chipewa chachikulu ndi malaya a manja aatali kunja kukutentha choncho. Ankadikira mafuta oteteza ku dzuwa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino oposa 134,000 m'dziko muno, ndipo khansa ya pakhungu ndi imodzi mwa adani awo aakulu, chifukwa khungu lawo lilibe melanin wokwanira kutchinga cheza cha dzuwa. Mayiyo anayang'ana nkhope ya mng'ono wanga, sanafunse kanthu, anangomulangiza kuti mafutawo azipaka asanatuluke m'nyumba ndipo asaiwale makutu ndi khosi. Dokotala anali atamuuza kale kuti nayenso azidzola mafuta otere tsiku lililonse, apo ayi mawanga azingoderabe. Pobwerera mu minibasi sanalankhule mpaka tinatsika.

Mwamuna wake anabwera tsiku lachinayi, iye anakana kutuluka. Anakhala pakhonde ndi amayi mpaka madzulo, n'kupita osamuona. Mawa lake anabweranso atanyamula ambulera yakuda yatsopano, ili m'pepala lake, n'kuisiya pakhomo la chipinda. Ndinamva akulankhula kudzera pachitseko kuti tsiku silisintha, pokhapokha ngati iye mwini akufuna lisinthe.

Chinkhoswe chinachitika pa tsiku lake. Mabala anali atatseka, koma nkhope inali ndi zigamba zakuda m'masaya, pachipumi ndi kuzungulira pakamwa, monga dokotala ananenera. Mtsikana wopaka zodzoladzola anagwira ntchito pafupifupi maola awiri, mosamala, akufunsa pafupipafupi ngati sipakupweteka. Ankhoswe anasinthana tambala ndi thadzi, anthu anafupa mpaka lichero linadzaza, ndipo pazithunzi palibe angadziwe kanthu. Ine ndinkadziwa, chifukwa ndi ine ndinamupukuta usiku wake ndi thonje, pang'onopang'ono, zigamba zija zikutulukanso chimodzichimodzi.

Zinatenga chaka ndi miyezi kuti zizimirire. Patsaya lakumanzere, pomwe asidi analowa kwambiri, padakali kachigamba kofanana ndi chala chachikulu, ndipo mwina sikadzachoka. Ziphuphu zomwe zinayambitsa zonsezi zinatha ndi mankhwala wamba a kuchipatala, omwe akanatha kuwalandira kalekale akanakhala kuti wina wa ife anaona kuti zikumuvutitsa mumtima. Mayi wogulitsa uja anasintha nambala.

Chaka chatha mng'ono wanga anabereka mwana wamkazi. Atatuluka kuchipatala tinasonkhana kwawo ku Chilomoni, amayi okhaokha m'chipinda, mwana akuyenda m'manja. Khandalo linali lofiirira monga amabadwira makanda onse. Litafika kwa azakhali, anachita zomwe amayi a kwathu amachita: anakankhira kachipewa m'mwamba, anayang'ana nsonga za makutu, anatembenuza timanja n'kuona m'mfundo za zala. "Ameneyu ada," anatero. "Ada ngati mayi ake."

M'chipindamo munati zii. Ndinamva mawu akukwera pakhosi panga, okonzeka kale, ofuna kutonthoza, ndipo oyamba ake anali koma. Ndinatseka pakamwa. Mng'ono wanga anatambasula manja, analandira mwana wake, anamukonza kachipewa. "Eya zakhali, watengera ine," anatero, n'kumuika kubere.